Mmene Ndinagwaditsira Laputopu Pamaso pa Adada

Laputopu yanga inabwera kuchokera ku Joni itakulungidwa m'bulangete, pa ngolo ya galimoto ija imanyamula katundu wa anthu, itapanikizika pakati pa matiresi ndi mafuliji a eni ake. Anaitumiza ndi mchimwene wanga, wonditsatira pobadwa, amene anapita kumeneko kukagwira ntchito ya m'minda ya maluwa. Kuno ku Mzimba zimenezi si zachilendo. Pafupifupi khomo lililonse lili ndi wake ku Joni, ndipo galimoto ija ikafika pa boma anthu amaizungulira ngati pagwa ngozi. Ena analandira masofa, ena mawailesi akuluakulu. Ine ndinalandira chinthu chakale, chong'aluka pakona, chimene zilembo zina zinali zitafufutika ndi zala za munthu amene sindidzamudziwa.

Ndinene poyera kuti pa nkhani ya kompyuta ndimadzitama, ndipo amene zikumuwawa andikhululukire. Ndinagwira ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina pa boma pano kuyambira nthawi ya mataipi olira ngati chigayo. Kompyuta itabwera mu ofesi tinkaiopa, chifukwa ikavuta pang'ono abwana ankafunsa kuti waigwira ndani. Koma iyi inali yangayanga. Ndikaiwononga panalibe wondikalipira, ndiye ndinaisewera nayo mopanda mantha mpaka inandizolowera.

Batire yake inali yakufa, magetsi akangothima nayonso inkathima. Ndinaitanitsa ina ku Mzuzu n'kuiika ndekha, ndi kasikuludiraiva ka makina anga osokera. Ndinagula mausi, chifukwa kabwalo kaja kosisita ndi chala kankandipsetsa mtima. Ndinagulanso kamodemu, kanthu kangati chala chachikulu kamene umalowetsamo simu n'kukabaya m'mbali mwa laputopu kuti intaneti ibwere. Mwezi woyamba bandulo inkatha ngati mchere wogwera m'madzi, ine osadziwa chikuidya n'chiyani. Ndinafufuza mpaka ndinapeza kuti mapulogalamu ena amadzikonza okha mwakachetechete pogwiritsa ntchito bandulo yako. Ndinawatseka pakamwa onse, kuti azipempha kaye. Ndinaikamo pulogalamu yaulere yolembera, ina yaulere yopha mavayirasi, ndipo zithunzi zonse za banja ndinazikopera pa hadi disiki yapadera imene ndimasunga m'sutikesi pamodzi ndi zitenje zanga za ulemu. Zonsezi ndinaphunzira pa mavidiyo a pa intaneti, aja munthu amakuonetsa ndi manja ake kuti dinani apa, kenako apa. Chizungu chawo chikandithamangira ndinkabwezera kumbuyo mpaka ndimve.

Posakhalitsa amayi a ku tchalitchi anayamba kubwera ndi mafulashi awo odzaza mavayirasi, ena kudzatayipitsa makadi a ukwati. Amuna anga ankandiseka kuti nyumba yasanduka chipatala cha mafulashi. Ndinkawayankha kuti iwo ngakhale rimoti ya wailesi yakanema imawagonjetsa.

Koma chimene ndimanyadira koposa si zimenezi. Ndi nkhani ya mlamu wanga.

Mchimwene wanga uja anapeza mkazi komweko ku Joni, mtsikana wa ku Dowa amene ankagwira ntchito m'nyumba. Anachita zinthu mwa dongosolo. Akuluakulu a kwathu anapita ku Dowa, anakakhala pansi ndi amalume ake a mtsikanayo, ndipo anagwirizana kuti mkaziyo akhale wa kwathu, ng'ombe zipite. Chinatsala n'chakuti mkamwana aonekere kwa apongozi ake, amene ndi adada. Amama anali atatisiya kale. Vuto linali lakuti mchimwene wanga mapepala ake anali atatha, ndipo akanangodutsa pa chipata kubwera kuno sakanabwereranso ku ntchito imene inkadyetsa theka la mudzi wathu. Mtsikanayo nayenso anali ndi pakati. Adada miyendo inali itayamba kutupa, ndipo tonse tinkaona, ngakhale sitinkanena, kuti kudikira zaka si nzeru.

Ndiye mchimwene wanga anati kwa ine, mlongo wake, "Adumbu, inu muli ndi laputopu. Adada akabwera ku chipatala pa boma, tiimbirane pa vidiyo, amuone mkamwana wawo."

Ndinavomera mwamsanga. Pa foni adada sakanaona kanthu, maso awo anali atafooka, ndipo ankati munthu wa pa foni amachepa ngati chikhadabo. Sikirini ya laputopu inali yaikulu bwino.

Tsopano m'nyumba mwanga netiweki ili ndi makhalidwe ake. Kamodemu kaja kankagwira bwino malo amodzi okha, pamwamba pa kabati ya mbale, pafupi ndi zenera. Popeza kanali kobayidwa mu laputopu, laputopu nayo inkakwera pa kabati pomwepo nthawi zonse ndikafuna vidiyo. Ndinali nditazolowera, sindinkaganizako n'komwe. Adada atabwera kuchokera kumudzi kwathu, kufupi ndi Champhira, anakana kukhala pa sofa, akuti imawameza msana. Anatenga kampando kafupi kamene ndimakhalira pochapa. Ndinayatsa laputopu pa kabati paja n'kuimba.

Chithunzi chinabwera choyera bwino, ndipo ndinamva kukoma. Nkhope ya mtsikana inadzaza sikirini yonse, wokongola ndithu, tsitsi lolukidwa, kumutu kopanda duku, akumwetulira mano onse pamtunda. Mchimwene wanga anali pambali pake, mkono atauika pa phewa la mkaziyo. Mtsikanayo anakweza dzanja n'kumagwedeza.

"Dadi, muli bwanji? Ndasangalala kwambiri kukuonani!"

Adada anakweza khosi kuyang'ana kumwamba kuja. Anatsokomola pang'ono monga amachitira akafuna kuyamba mawu. Koma masana amenewo netiweki inkachedwetsa mawu, ndiye mtsikanayo ataona kuti kuli zii anayambanso kulankhula, ndipo mawu ake anafika adada ali pakati pa chiganizo. Adada anasiya. Atayambanso, zinachitikanso chimodzimodzi. Anatenga chipewa ndi ndodo yawo, anadzuka movutikira, n'kutuluka kukakhala kuseri kwa nyumba.

Ndinawatsatira. Ndinawapeza akuyang'ana mpanda.

"Iwe, uyu ndi njani?" anandifunsa. "Wakhala kumwamba ngati khwangwala, wakundiyang'ana m'maso, mutu uli pamtunda, mbwenu wakundidula mawu. Ine ku Joni ndili ndi mwana mmodzi. Mkamwana ndilibeko."

Amene si wa kwathu angaone ngati adada anali ovuta chabe. Koma kwathu mkamwana watsopano saima pamwamba pa apongozi ake aamuna. Amagwada chapatali, atatembenukira kumbali, mutu wofunda, maso pansi, ndipo mawu ake amadzera mwa munthu wina wamkazi wa pakhomopo, mpaka apongoziwo adzamumasule okha. Ine nditakwatiwa ku Euthini ndinagwada mpaka mawondo anachita zikang'a, ndipo sindinafe. Mtsikana wa ku Dowa uja zimenezi sankazidziwa, ndipo amene anayenera kumuuza anali kalikiliki kumukoleka mkono pa phewa pamaso pa bambo ake omubala.

Adada anabwerera kumudzi, ndipo ng'ombe sizinatuluke m'khola. Kwathu mwana woyamba amatchulidwa dzina ndi agogo ake aamuna a kuchimuna, ndipo adada ananena kuti sangatchule mwana wa munthu amene sakumudziwa. Mtsikanayo atamva analira, n'kunena kuti ngati sakufunidwa apita kukachirira kwawo ku Dowa, mwanayo akakhale wa amalume ake. Mchimwene wanga anandiimbira ali wolusa.

"Adumbu, kompyuta yanuyo yandiphera banja."

Apa ndiye anandiponda pachilonda. Ndinamufunsa kuti kodi ndi kompyuta imene inamugwira mkono n'kuukoleka pa phewa la mkazi wake. Ndinamufunsanso ngati Joni yamuiwalitsa kuti anabadwira kuti. Tinadulirana foni. Koma mawu akewo anandikhala pamtima, chifukwa banja la mwana wa amama linali kupasukadi, ndipo laputopu yanga inali itatchulidwa pa mlandu. Zinandiwawa zonse ziwiri, ndipo sindinganame kuti chachiwiricho chinali chaching'ono.

Nzeru inandibwerera ndikupukuta fumbi pa kabati paja. Ndinayang'ana kamodemu, ndinayang'ana laputopu, n'kudzifunsa kuti kodi pa awiriwa amene amafuna kumwamba ndani. Laputopu netiweki siidziwa. Amene amaisaka ndi kamodemu. Ndikanangowalekanitsa, kamodemu kakanakwera kumene kakufuna, laputopu n'kutsika pansi pamene mkamwana amayenera kukhala.

Ndinafufuza pa intaneti n'kupeza kuti kuli waya wotalikitsira, mbali ina umabaya mu laputopu, mbali inayo n'kubayamo kamodemu. Pa boma pano ndinazungulira mashopu onse a mafoni. Aliyense ndikamufotokozera ankanditulutsira chaja, ndipo wina anandiuza kuti chinthu chimenecho kulibe pa dziko lapansi. Ndinamuyang'ana n'kumusiya. Waya woyamba umene unabwera kuchokera ku Mzuzu unali woonda, ndipo kamodemu kanangophethira kawiri n'kuthima. Ndinabwereranso pa intaneti, n'kuwerenga kuti waya ukatalika mphamvu imathera m'njira, pamafunika wonenepa wokhala ndi kabokosi kolimbikitsa mphamvu pakati. Wachiwiriwo unagwira. Tsiku limenelo ndinaika laputopu pansi pa simenti, kamodemu kali pa kabati, chithunzi chikuyenda bwinobwino, ndipo ndinavina ndekha m'nyumba. Amuna anga analowa n'kufunsa ngati ndalandira penshoni kachiwiri.

Ndinagulanso kakamera kapadera kokhala ndi waya wake, kuti ndizikaloza kumene ndikufuna, ndi kasipika kakang'ono. Za kuchedwa kwa mawu zija ndinapeza mankhwala ake. Mu pulogalamu yoimbirana muli pamene umachepetsa kuwala kwa chithunzi kuti chisalemere, ndipo ukatseka zina zonse zimene zikudya intaneti mawu amafika msanga. Ndinaonanso kuti m'mawa, anthu asanadzadzane pa netiweki, zinthu zimayenda mopepuka kuposa masana.

Kenako ndinamuimbira mtsikana uja, mwamuna wake ali ku ntchito. Poyamba ankayankha mwa mawu amodziamodzi, ndipo sindinamudzudzule. Ndinamuuza kuti sanalakwe mwadala, koma ngati akufuna khomo lathu ayenera kulowera pamene ife tonse tinalowera.

"Alamu," anatero, "ine kugwada sindikana. Kwathunso timagwada. Koma ndikagwada kuno, adadawo kumeneko aziona chiyani? Si aziona denga?"

Funso limenelo linandionetsa kuti mtsikanayu mutu ulipo. Tinayamba kuyeserera m'mawa uliwonse umene anali ndi mpata. Foni yake anaiika pa mpando ataitsamiritsa ku chitini cha shuga, iye n'kubwerera m'mbuyo mpaka thupi lonse lizioneka, laling'ono, lili pansi. Ndinkamuuza kuti sunthira kumanzere, tembenuka pang'ono, usayang'ane foni, yang'ana mwendo wa tebulo. Anagula duku ndi chitenje kwa mayi wina wa ku Malawi komweko. Ndinamuphunzitsa kuomba m'manja mofatsa, manja atapindika, ndi mawu ochepa a Chitumbuka. "Monire" ankamutchula ngati akuitana munthu wa kutsidya la mtsinje, ndipo tinkaseka mpaka misozi. Ndinamuuzanso kuti adada akasiya kulankhula asathamangire kuyankha, apume kaye, chifukwa nkhalamba ikakhala chete sikuti yamaliza. M'masiku amenewo ndinayamba kumukonda mlamu wanga, tisanagwiranepo chanza.

Kunyengerera adada sinali ntchito yanga. Ndinapita kwa ankhazi, mlongo wawo wa adada, mayi wa lilime lakuthwa amene ndi yekhayo adada amamuopa. Ankhazi anamvetsera zonse za laputopu, anafunsa ngati chinthucho chingagwadedi, ndipo ndinawatsimikizira. Anapita kwa mlongo wawo n'kuwauza kuti, "Imwe, mwana wa wanthu munakumana naye m'nyumba ya eni, pa boma. Pakhomo panu sanafikepo. Mulekeni afike, mbwenu mukamukane ali pano." Adada anang'ung'udza, kenako anati akabwera abwere ngati munthu.

Inali nyengo yozizira, chimanga chili kale m'nkhokwe. Ndinatchaja laputopu mpaka kudzaza, chifukwa kumudzi kulibe magetsi, ndinaikulunga m'chitenje, n'kukwera minibasi yolowera ku Champhira. Kondakitala anafuna kuika chikwama changa kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata, ndipo ndinamuuza kuti ayambe waikako mutu wake. Kuchokera pamsewu ndinakwera njinga yamoto, chikwama chili pamimba ngati mwana.

Nditafika ndinazungulira pakhomo ponse ndi foni m'manja, kusaka pamene netiweki ili ndi mphamvu. Pa khonde inali yofooka, ku khola kunalibiretu, koma pafupi ndi nkhokwe, ndikakweza dzanja, inkabwera. Ndinatenga nsungwi yaitali, ndinamangirira kamodemu kunsonga nditakaveka kajumbo kuopa mame, n'kuiimika nditaimanga ku nsanamira ya nkhokwe. Azimayi a pamudzi anaima chapatali akuseka, akuti mayi wamkulu ngati ine ndayamba kutchera mbalame. Ndinawasiya aseke. Waya unatsika bwinobwino mpaka pabwalo.

M'mawa mwake dzuwa litangotentha pang'ono, adada anatuluka atavala jekete lawo la ku tchalitchi ndi chipewa, n'kukhala pa mpando wawo pabwalo, atayang'ana ku khola. Nkhope inali yomanga. Ankhazi anayala mphasa chapatali, kumbali, pamalo enieni pamene mkamwana amagwada. Ine ndinkafuna kungoika laputopu pamphasapo, koma ankhazi anakana.

"Yayi. Mkamwana sangopezeka pabwalo ngati nkhuku. Umutenge kuseri kwa khitchini, umufunditse, ubwere naye."

Ndinafotokoza kuti waya sufika ku khitchini. Anati ndiye ndiyambire pamene wayawo wathera. Choncho ndinaimba, mlamu wanga anayankha ali kale m'malo mwake, ndinafunditsa laputopu chitenje, n'kuyenda nayo chowerama kuchokera kuseri kwa nkhokwe, ankhazi ali patsogolo akuti, "Odi, odi, tabwera ndi mlendo." Ndinaikhazika pa mphasa, nditaitembenuza pang'ono kuti isapenyane ndi adada. Kakamera kaja ndinakaika pansi, kataloza mapazi a adada ndi ndodo yawo, kuti mlamu wanga aone zimene munthu wogwada amaona. Kasipika ndinakaika pa miyendo ya ankhazi nditachepetsa mawu. Ankhazi anavundukula chitenje.

Azimayi oseka aja anasiya kuseka. Pa mphasa panali mkazi wogwada, wovala duku, chitenje chitafika kumapazi, atayang'ana kumbali. Mchimwene wanga ankaoneka pang'ono pakona, atakhala pansi kutali ndi mkazi wake, manja ali pa mawondo ake, kumene anayenera kukhala kuyambira kale. Mlamu wanga anaomba m'manja mofatsa.

"Monire, adada."

Mawu anatuluka pa miyendo ya ankhazi, otsika bwino. Ankhazi anatembenukira kwa mlongo wawo. "Akuti monire."

Adada anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana ng'ombe. Ine mtima unali m'mwamba, kuopa kuti mtsikanayo aganiza kuti mawu sanafike n'kubwereza. Sanabwereze.

"Yewo," anatero adada. "Mufunseni, wawuka uli."

Ankhazi anafunsa, mlamu wanga anapuma kaye monga tinapanganirana, n'kuyankha kuti wadzuka bwino, kaya adada. Zinayenda choncho. Adada anagwirapo ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu ali mnyamata, ndiye Chichewa amachidziwa, ndipo ndinaona kuti ayamba kuchisakaniza ndi Chitumbuka kuti mlendoyo azimva yekha ngakhale mawu ankadzera mwa ankhazi. Anafunsa za makolo ake, za mudzi wake, ngati amapemphera. Kenako anayamba malangizo. Adada akayamba malangizo munthu umafunika kukhala utadya. Anafotokoza za khomo lathu, za amama, za mmene mkazi wa pano amalandirira alendo, za kuti mwamuna wake ndi waulesi podzuka kuyambira ali mwana ndipo asamulekerere.

Ali pakati pa zimenezi kunabwera mphepo ija ya nyengo yozizira. Nsungwi inagwedezeka, ndipo nditayang'ana pa sikirini ndinaona kuti chithunzi chauma. Mlamu wanga anali wosagwedezeka ngati chithunzi cha pakhoma. Ndinadzuka mwakachetechete, ndinapita ku nkhokwe, ndinavula lamba wa chikwama changa n'kumangitsa nsungwi ija kachiwiri, ndikupemphera chamumtima. Adada sanadziwe kanthu. Anaponya diso kumphasa kamodzi, n'kuuza ankhazi kuti, "Uyu ngwakudekha chomene. Sakugwedezeka n'komwe." Ankhazi anavomera, ine sindinatsutse. Pamene ndinkabwerera pamalo panga chithunzi chinali chitayambanso kuyenda.

Malangizo anapitirira. Dzuwa linakwera, mthunzi wa nkhokwe unasuntha, ine ndikuyang'ana kachizindikiro ka batire kakutsika. Mlamu wanga anali chigwadire. Ndinaona kuti wayamba kuvutika. Anatsamira dzanja limodzi pansi, linalo n'kugwira msana, kenako anadziwongolanso msanga. Mimba inali yaikulu ndithu pa nthawiyo. Sanadandaule, sanayang'ane foni. Ndinafuna kulankhula, koma pa bwalo limenelo ine ndinali mwana, ndipo ankhazi anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti nditseke pakamwa.

Adada anasiya mawu pakati. Nthawi yonseyi ankaoneka ngati akuyang'ana ng'ombe, koma ankaona zonse ndi kona ya diso.

"Mufunseni," anatero kwa ankhazi, "apo wagwada, pali mphasa?"

Ankhazi anafunsa. Mlamu wanga anayankha motsika kuti ayi, ndi pa simenti, chipinda chawo mphasa mulibe.

"Ku Joni mwezi uno kukuzizira chomene," anatero adada, ngati akudzilankhulira okha. Kenako anatembenukira kwa ine, mawu atakwera. "Iwe, wangokhala uli? Munthu ali ndi pakati, wagwada pa simenti nthawi yonse iyi, imwe mukungoyang'ana? Mukufuna mundiphere mdzukulu wane? Tenga mpando. Munyamule, umukhazike pano."

Analoza pambali pawo penipeni.

Mmodzi wa azimayi aja anathamangira m'nyumba kukatenga mpando. Ine ndinagwada pa mphasa n'kuinyamula laputopu ndi manja awiri. Laputopu imeneyo ndinali nditainyamula kambirimbiri, ndinali nditaitsegula m'mimba ndi sikuludiraiva, koma tsiku limenelo ndinainyamula ngati munthu. Ndinayenda pang'onopang'ono kuopa kukoka waya, ndipo unafika, unatsalako pang'ono. Ndinaikhazika pa mpando, sikirini italunjika kwa adada. Ndinatola kakamera pansi paja n'kukakweza kuti kaone nkhope yawo.

Adada anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, n'kuwavala. Sanayang'anenso kwa ankhazi.

"Mkamwana," anatero, "nyamuka, ukhale pa mpando. Iwe mnyamata, muthandize mkazi wako, usangoti maso tuzu."

Tinaona mchimwene wanga akudzuka mothamanga mpaka kugunda tebulo. Anamudzutsa mkazi wake, anamukhazika pa bedi chifukwa mpando wawo umodzi womwewo ndi umene unanyamula foni. Mlamu wanga anakhala, maso akadali pansi, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Tembenuka ndikuone, mwana wane."

Anatembenuka. Adada anasendera pafupi ndi sikirini n'kumuyang'ana nthawi yaitali, mutu ataupendeketsa. Ankhazi anayamba nthungululu, azimayi ena n'kulandira, mpaka ng'ombe zinadzidzimuka m'khola. Adada anakweza dzanja kuti phokoso lichepe.

"Ng'ombe zinyamuka sabata ino," anatero. "Ndipo ukachira, woyamba kumva ndikhale ine. Dzina ndasunga kale."

Mlamu wanga anati, "Yewo chomene, adada," ndipo anatchula bwinobwino, mopanda kulakwitsa.

Pa moyo wanga ndayamikiridwapo ndi mabwana, ndatayipapo makalata opita ku malikulu opanda cholakwika ngakhale chimodzi, koma sindinanyadepo ngati m'mawa umenewo, nditaima pabwalo la adada ndi waya m'manja. Misozi itayamba kundivuta ndinatembenuka n'kupita ku nkhokwe, n'kumagwiragwira nsungwi ija ngati pali chofunika kukonza. Panalibe chokonza. Kumbuyo kwanga adada anali atayamba kale kumufunsa mkamwana wawo ngati mwamuna wakeyo amamugulira ndiwo zokwanira.